Amenewo ndi mashingozi, musadikire mawa

Achemwali, mwafunsa za matuza omwe atuluka pathupi pa mayi anu. Matuza otuluka mbali imodzi kuchokera kumsana kuzungulira mpaka pansi pa bere ndi mashingozi amenewo, mayi anuwo atengereni kuchipatala lero lomwe. Ine anandigwira mu Okutobala, kutentha kwa kuno ku Mangochi mukukudziwa, thukuta likalowa m'matuzamo ndimachita kukuwa, bulauzi osavalika, usiku kugona chokhala nditatsamira khoma mbali yabwinoyo, ngakhale kamphepo kakunyanja kakangondikhudza zimabaya ngati singano zamoto. Ndiye bambo wina wa kachipatala kolipira anangoyang'anira patali n'kuti ndi ziwengo izi, jakisoni, amoxicillin, ndalama m'thumba. Amoxicillin, mankhwala opha mabakiteriya, pa matenda a vayirasi zoona? Mpaka pano ndikakumana naye pamsika mtima umandiwawa. Apongozi nawo ali pakalapakala kuti andilodza, kundipaka zakudazakuda mpaka mabala kuyamba mafinya.

Mankhwala ake ndi acyclovir, akalekale, anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1980 ndipo mayi wina wa gulu lomwe linawapanga, Gertrude Elion, analandira mphoto ya Nobel mu 1988. Kachilombo kake ndi komwe kaja ka katsabola, kamabisala m'mitsempha zaka ndi zaka n'kudzuka chitetezo chikatsika. Acyclovir amafanana ndi guanosine, kachidutswa komwe kachilomboka kamamangira DNA yake, ndiye kakatola iyeyu kumangako kumathera pomwepo, sikaswananso. Ubwino wake amayamba kugwira ntchito m'maselo okhawo omwe muli kachilombo. Koma amathandiza kwenikweni mukayamba pasanathe maola 72 matuza atatuluka, ine nthawi imeneyo inathera kwa bambo uja, matuza anapola koma kuwawa kunatsalira miyezi.

Akuluakulu nthawi zambiri amapatsidwa 800mg kasanu patsiku kwa masiku 7, inde kasanu, thupi limangoyamwa pang'ono pokha. Madzi azimwa ambiri chifukwa mankhwalawa amatha kuunjikana mu impso, ndi dzuwa lakunoli musachite nazo masewera, ngati ali ndi vuto la impso muwauziretu adokotala. Osamangogula mankhwala panokha, pitani kuchipatala, komatu akakuuzani kuti atha musabwerere kunyumba kukadikira, akulembereni pepala muthamangire ku famase, ine anandipulumutsa ndi ogula. Ayezetsenso magazi, si onse a mashingozi ali ndi HIV koma ayezetse. Matuza akafika pamphumi kapena pamphuno pafupi ndi diso, olo pakati pausiku pezani kabaza muthamangire kuchipatala.