Akuti dzina langa silili bwino ku CRB, nditani?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena, mphunzitsi wa pulayimale ku Kasungu, dzina ndasunga. Akuti anakapempha loni kubanki yoti amalizire denga la nyumba, malata ndi matabwa basi, koma patatha masabata awiri anawauza kuti sizitheka chifukwa dzina lawo silili bwino ku CRB. Ndiye akufunsa kuti CRB yo ndi ndani, inawalemba liti poti iwo ku banki m'khonde sanaphonyepo olo mwezi umodzi, nanga dzinalo angalichotseko bwanji.

Achemwali, mtima m'malo kaye, apolisi sabwera. CRB ndi kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu. Lamulo lake kuno kwathu linabwera mu 2010, Credit Reference Bureau Act, ndipo chiphaso amapereka ndi a Reserve Bank of Malawi. Kampani ya CRB yomwe anthu ambiri amaidziwa ndi Credit Data CRB. Mabanki ndi ma microfinance amatumiza kumeneko zoti uje anatenga zingati, akubweza bwanji, anachedwa masiku angati, yatsala ndi zingati. Ndiye aliyense amene anakongolapo pamalo ovomerezeka alimo, ndi obweza bwino omwe, ine ndemwe ndilimo. Chimene a banki anaona ndi zimene zalembedwa kumunsi kwa dzina lanulo.

Za banki m'khondezo pepani, zimandiwawa nanenso. Kukhulupirika kwanu konse kuja kuli mu kope la alembi a gulu lanu, kumathera pomwepo pansi pa mtengo wa mango, kubanki sakuona. Chimodzimodzi katapila, mungabweze mwaulemu chotani palibe akulemberani kalata yoyamikira.

Nanga chaipitsa dzina n'chiyani? Apa ganizirani bwinobwino musanalumbire kuti mulibe ngongole. Ambiri zimawagwira ndi tingongole tating'ono ta pafoni, munthu unatenga K5,000 tsiku lina magetsi atatha, simu ija inatayika, iwe n'kuiwala, koma ngongole zambiri za pafonizi kumbuyo kwake kumakhala banki, ndipo chibwerereni chiphaso cha unzika mu 2017 kusintha nambala sikubisanso munthu. Ena ndi kusainira mnzawo. Alamu anu anabwera ndi fomu kuti ingosainani apa ndi mwambo chabe, iwo n'kusiya kubweza, dziwani kuti amene anasainira ndiye ngongoleyo imamugwera. Ndipo inu apantchito pali china chowawa kwambiri, pa payslip ndalama yadulidwa bwinobwino koma kuntchito achedwa kuitumiza kwa okongoza, kompyuta ya kumeneko sidziwa zimenezo, imangowerenga kuti mwezi wadutsa simunalipire.

Zinandichitikirapo ine. Loni ndinamaliza kalekale koma kumene ndinakongolako sanatumize uthenga woti yatha, chaka chathunthu ndikuoneka ngati wothawa ngongole osadziwa. Chinandipulumutsa ndi ka envelopu ka malisiti komwe mayi a kunyumba amandinena nako kuti ndimasunga zinyalala.

Ndiye chochita ndi ichi. Tengani chiphaso chanu mukapemphe lipoti lanu ku CRB ko, ndi mbiri yanu, muli ndi ufulu woiona. Muwerenge mzere ndi mzere, osathamanga. Mukapeza ngongole yomwe si yanu kapena yomwe munamaliza, lembani kalata kwa amene anakukongozaniwo ndi ku CRB, muphatikize malisiti, ma payslip, sitetimenti ya kubanki, ndipo kope lina lidindidwe musunge inu. Zongolankhula pakamwa pa kauntala zimauluka ndi mphepo. Akamakuzungulitsani, a Reserve Bank amalandira madandaulo a makasitomala a mabungwe azachuma. Koma ngati ngongoleyo ndi yoona, palibe njira yachidule, pitani mukakambirane, ambiri amalola kuti muzipereka pang'onopang'ono kusiyana n'kuti muzingowathawa pafoni. Mukamaliza musachoke opanda kalata yonena kuti yatha.

Chimodzi musadabwe nacho, kulipira sikufufuta mbiri tsiku lomwelo, pamangosintha kuti yalipidwa, zoti munachedwa zimaonekabe kwa kanthawi. Ndipo awa amalemba pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp kuti tumizani kangachepe tikuchotsereni dzina, amenewo ndi akuba basi, amene angakonze ndi yekhayo anatumiza uthenga wa ngongoleyo ku CRB.

Zikatha izi yambani kumanga mbiri yatsopano. Ngongole yaing'ono pamalo ovomerezeka, kaya ku SACCO ya aphunzitsi kaya kubanki yomwe imalandira salale yanu, yoti olo mwezi utavuta bwanji mukwanitsa, ndipo muuze banki izidula yokha tsiku lomwe malipiro alowa, musanapite kumsika. Osamwaza mafomu mabanki asanu nthawi imodzi, mumaoneka ngati mwapanikizika.

Za dengalo, ine ndikanakhala inu sindikanathamangira loni yaikulu ngakhale dzina litayera mawa. Mu 2024 policy rate, chiwongola dzanja chomwe Reserve Bank imaika ngati poyambira, inafika 26 peresenti ndipo mabanki amaikanso yawo pamwamba, ndiye werengerani kaye chiwongola dzanja chonse pa pepala. Gawo lanu la banki m'khonde likatuluka mu Disembala gulani malata angapo muike kuseri kwa bedi, lipoti lija mukalitenga mundilembere zomwe mwapezamo tione limodzi.