Kusintha mazenera ndi zitseko: kodi pafunika chilolezo?

Funso: Ndikufuna kuchotsa mazenera akale achitsulo panyumba yanga ku Chilenje, ndiike a aluminiyamu, ndikulitsenso chitseko chakumaso. Kodi ndikauze a khonsolo? Mayi wa ku Chilenje.

Yankho: Amayi, ntchito ziwirizi nzosiyana. Kuika zenera latsopano pamalo omwewo, osagumula khoma, ndi kukonza chabe. Koma kukulitsa khomo kumakhudza khoma lomwe lanyamula denga. Musanagwetse njerwa ngakhale imodzi, tengani pulani ya nyumba mupite ku dipatimenti yoona za mapulani ya Lusaka City Council, ku Civic Centre. Zomangamanga mumzinda zimayendera lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015. Yankho la a khonsolo likhale lolembedwa, chifukwa pepalalo lingadzafunike pogulitsa nyumba.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa lintala, mtanda wa konkire wa pamwamba pa khomo. Iyenera kukhazikika pakhoma mamilimita osachepera 150 mbali iliyonse. Mmisiri akakulitsa khomo n'kusiya lintala yakale, imatsala yongogwira nsonga, khoma limang'aluka kuyambira pangodya, ndipo kulemera kumatsikira pafelemu mpaka chitseko kuyamba kukanirira. Aluminiyamu sapangidwira kunyamula khoma. Mmisiri achirikize khomalo kaye, aike lintala yaitali, kenako agumule.

Pachitseko chagalasi ndi pazenera lofika pansi, umirirani galasi lolimbitsidwa la toughened, lomwe likasweka limangonyenyeka m'tizidutswa tating'ono tosacheka mwana kwambiri. Onani chidindo pangodya pake. Silidulika likapangidwa, choncho ayeze bwino asanaitanitse.

Kontilakitala akuonetseni satifiketi yake ya National Council for Construction, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga ku Zambia. Ndipo poika zitsulo zotchinga akuba, m'chipinda chilichonse chogona zenera limodzi likhale lotseguka ndi m'kati, moto ukabuka.