Yankho: Tsiku limodzi lokha? Pitani ku Galena

Achimwene, popeza muli ku Chicago ndipo amayi akufuna kuona nyumba zamakedzana, atengereni ku Galena, m'chigawo chomwecho cha Illinois. Ndi ulendo wa maola atatu pa galimoto.

Yambirani kunyumba ya Ulysses S. Grant, yemwe anali mkulu wa asilikali a America. Anthu a m'tauniyi anamupatsa nyumba yanjerwayi mu 1865 atabwerako kunkhondo yapachiweniweni, asanakhale pulezidenti. Mipando yambiri ya banja lake ikadali momwemo. Kenako tsikirani ku Main Street mukaone DeSoto House Hotel, yomwe inatsegulidwa mu 1855. Abraham Lincoln, yemwe pambuyo pake anakhala pulezidenti wa America, analankhula ali pakhonde la m'mwamba pa hoteloyi mu 1856.

Koma ine chinandigwira mtima ndi Dowling House, kanyumba kamiyala ka mu 1826, nthawi imene tauniyi inkalemera ndi migodi ya mtovu. Makoma ake ndi ochindikala, ukalowa umangomva kuzizira ngati m'phanga.

Chenjezo: Galena ndi yazitunda, masitepe ake ngotopetsa. Ineyo ndinafika pamwamba ndili wefuwefu. Mwati amayi amavutika ndi mawondo komanso BP, ndiye ayambe aonana ndi adokotala awo musananyamuke. Muimbirenso foni kunyumba ya Grant, chifukwa masiku ena satsegula.