Dikirani kaye musanagule PlayStation ija

Amayi, mwafunsa ngati mumugulire mnyamata wanu wa Giredi 11 PlayStation ndi kamera, poti akuti azipeza ndalama poonetsa magemu pa YouTube. Ine ndikuti dikirani kaye.

Mwanayo sakunama ayi. Ife tinkasonkherana timakobiri pa kashopu ka magemu ku Matero, wogonja n'kusiyira mnzake mpando, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero ena akudyera momwemo. Mu 2019 Kyle Giersdorf wa ku America, ali ndi zaka 16, anapambana madola 3 miliyoni pa mpikisano wa gemu ya Fortnite ku New York. Ana amamva zimenezi, koma za anzawo ochezera usiku wonse akuonetsa gemu kwa anthu awiri atatu sazimva. Pa mavidiyo aatali, YouTube imayamba kukugawira ndalama za otsatsa malonda ukafika pa okutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonedwa m'miyezi 12. Asanafike pamenepo, bandulo mudzakhala mukugula ndinu, komanso malaiti athu a mu Lusaka mukuwadziwa.

Chondidetsa nkhawa kwenikweni ndi ndalama zotuluka m'nyumba. Magemu ambiri a masiku ano umayamba ulere, kenaka amakugulitsa zovala, mfuti kapena osewera mpira. Mu gemu ya mpira ya EA Sports FC, imene kale inali FIFA, muli mapaketi oti umalipira usakudziwa kuti mutuluka wosewera uti. Ku Belgium anagamula mu 2018 kuti mapaketi otere ndi njuga. Mwana akaona amene amamutsatira akutsegula paketi n'kukuwa ndi chimwemwe, naye mtima umadyokoka. Mphwanga anathera ndalama ya basi ya mwezi wathunthu mu gemu ina ya pafoni. Tinadziwa titaona kuti akupita kusukulu wapansi, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Ndiye musamukanize, koma ayambe ndi foni yomwe ali nayo. Azijambula tizidutswa tifupitifupi Loweruka ndi Lamlungu, azilankhula Chinyanja chathu chomwechi, chifukwa oonetsa magemu m'Chingerezi ndi osawerengeka ndipo sangalimbane nawo. PIN ya Airtel Money kapena MoMo ikhale yanu nokha. Pakutha kwa temu mukhale naye pansi, akuonetseni mavidiyo amene wapanga, anthu amene aonera, ndi lipoti la kusukulu pambali pake.

Akapirira miyezi itatu osatopa, mugulireni maikolofoni poyamba. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamamveka moipa amachoka nthawi yomweyo.