Funsani za Ndege: kodi kumwambaku kuli mwini wake?

Mwezi uno makalata ambiri abwera ofunsa za tindege ting'onoting'ono, tija anthu amauluka nato pongosangalala osati ta makampani. Ndasankhapo asanu, ena ndawadulako pang'ono chifukwa anthu inu kulemba mwachidule kunakukanikani.

FUNSO: Ndinapita ku Livingstone pa holide ndipo ndinakwera microlight yozungulira mathithi a Victoria, kaja ka mipando iwiri, mawilo atatu, phiko lansalu pamwamba ndi injini kumbuyo. Chibwerereni mtima suli m'malo. Ndili ndi zaka 43, sindikufuna ntchito ya upailoti ayi, ndikungofuna kumauluka Loweruka. Zitheka? Bambo a ku Area 47, Lilongwe.

YANKHO: Zitheka bambo, ndipo zaka 43 musadandaule nazo, lamulo limangotchula msinkhu woyambira, zaka 17 kuti munthu apatsidwe laisensi, za kukalamba amaweruza ndi dokotala. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi PPL, laisensi ya munthu wouluka mwa iye yekha mosalipidwa, imene imakulolani kugwira ndege monga Cessna 172 ya mipando inayi ija. Muyezo wa ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse lomwe likulu lake lili ku Montreal, ndi maola 40 mumlengalenga, koma ku South Africa komwe kuli masukulu ambiri a ndege kumwera kunoku amafuna 45. Yachiwiri ndi laisensi ya microlight yomweyo, ku Britain imayambira maola 25. Koma manambalawa ndi ochepetsetsa chabe, munthu wophunzira Loweruka lokhalokha amafika ataiwala za sabata yatha nde theka la ola limathera kukumbutsana, mapeto ake maola amapitirira ndithu ndipo ola lililonse ndi ndalama, yakunjanso. Ngati mungathe tengani tchuthi chachitali mukamalize kamodzi.

Si kuuluka kokha. Pali mayeso olemba a malamulo a ndege, zanyengo, kuwerenga mapu, mmene injini ndi mapiko zimagwirira ntchito, komanso satifiketi yolankhulira pa wailesi, m'Chingerezi chake cha kumwambako chomwe sichifuna chinenero chokometsera koma mawu ochepa omveka. Kwa dokotala mukafuna satifiketi ya Class 2, amaona maso, makutu, mtima, BP ndi shuga. Magalasi si mlandu. Pa muyezo wa ICAO munthu wosakwana zaka 40 amapimidwa pakatha zaka zisanu, koma inu popeza mwadutsa 40 muzionana ndi dokotala zaka ziwiri zilizonse. Ndipo mukabwera ndi laisensi ya kunja musathamangire kukwera ndege yolembedwa 7Q, chizindikiro cha ndege za kuno, musanapite nayo ku Malawi Civil Aviation Authority kuti akaivomereze. Chosangalatsa nchakuti tindege tambiri topepukati timayendera injini ya Rotax 912 yomwe imamwa petulo wa galimoto yemweyu, malita ngati 15 pa ola, osati avgas, mafuta a ndege odula aja. Bola petuloyo akhale akupezeka, mukudziwa kale.

FUNSO: Ndili ndi munda waukulu kufupi ndi malire. Ndikagula kandege kanga, ndikulambula bwalo pamunda panga, angandiletse ndani kuuluka? Kumwamba kulibe rodibuloko. Mlimi wa ku Mchinji.

YANKHO: Achimwene, rodibuloko iliko, kungoti siioneka. Munda ndi wanu koma mlengalenga wa pamwamba pake ndi wa dziko, zimenezi zinalembedwa m'ndime yoyamba yeniyeni ya pangano la ku Chicago la 1944 lomwe maiko onse a ICAO amatsatira. Mlengalengamo munagawidwa magawo, kuyambira Class A mpaka Class G. Kuyambira A mpaka E ndi komwe kuli oyang'anira, aja amakhala mu tawala ndi pa wailesi. Kuzungulira bwalo ngati la Kamuzu ku Lumbadzi kapena la Chileka kuli dera lomwe limayambira pansi penipeni kukwera m'mwamba, ndipo simulowamo musanaitane pa wailesi, kunena kuti ndinu ndani, muli pati, pamtunda wanji, mukufuna chani, nkudikira akuuzeni kuti lowani. Akati dikirani panja mumazungulira panja pomwepo, palibe za ndine bwana. Chifukwa chake nchosavuta, ndege yaikulu ikamatsetsereka kukatera imathamanga makilomita oposa 250 pa ola, pailoti wake maso ali pa zida ndi pa msewu woterapo, kandege kanu koyera m'mitambo yoyera akadzakaona nthawi yatha kale.

Class G ndi komwe anthu ouluka mosangalala amakonda chifukwa kulibe wokulamulani kuti khoterani uku, lamulo lake ndi ona ndipo pewa, maso anu ndiwo chitetezo. Koma ngakhale kumeneko malamulo alipo. Pamwamba pa tauni, msika kapena khamu la anthu simutsika kuchepera mapazi 1,000, omwe ndi mamita 300, kuchokera pa chinthu chachitali kwambiri pafupi nanu, ndipo kwina konse mapazi 500. Nde zoti muzikapepesula madenga a kwa apongozi kuti akuoneni muiwale. Pa mapu a apailoti palinso madera olembedwa P, R ndi D: P ndi oletsedweratu, R mumalowa pokhapokha mutakwaniritsa zomwe anena, D ndi oopsa monga komwe asilikali amayesera mfuti. Kuwonjezera apo pali NOTAM, timauthenga tomwe timatuluka nthawi iliyonse kuti bwalo lakuti latsekedwa, kapena dera lakuti lero musayandikeko, ndipo pailoti amayenera kutiwerenga asanalize injini. Masiku anonso muli ma drone mumlengalengamu, ku Kasungu kunatsegulidwa dera loyesera ma drone mu 2017, nde musamaganize kuti kumudzi muli nokhanokha ndi akabawi.

Bwalo la pamunda limatheka, minda ya tiyi ndi ya nzimbe ina ili nawo, koma limafuna chilolezo, osati kungodutsitsa thirakitala. Ndipo inu a ku Mchinji nkhani yanu yaikulu ndi malire. Pa liwiro la kandege, mphindi zochepa zokha muli kale pamwamba pa Zambia. Kuwoloka malire kumafuna flight plan (ndondomeko ya ulendo yomwe mumapereka kwa oyang'anira musananyamuke), chilolezo cha dziko mukupitalo, komanso kunyamukira ndi kutera pa bwalo lomwe lili ndi a imigireshoni ndi a kasitomu. Pa 28 May 1987 mnyamata wa ku Germany wa zaka 18, Mathias Rust, ananyamuka ku Helsinki pa Cessna 172 yabwereka nkukatera pafupi ndi Red Square ku Moscow opanda chilolezo cha aliyense. Dziko lonse linaseka asilikali a Soviet Union, akuluakulu awo ena ntchito inatha, koma mnyamatayo anagamulidwa zaka zinayi ndipo anakhala m'ndende kupitirira chaka asanamukhululukire. Iyeyo anachita mwayi kuti sanamuwombere.

FUNSO: Amuna anga akuphunzira kuuluka ku Joni. Kawirikawiri amandiuza kuti lero sitinauluke, nyengo, pomwe ine ndikaona pa foni mvula kulibe. Sakundinamiza awa? Mayi a ku Namiwawa, Blantyre.

YANKHO: Kkkk mayi, za komwe amapita akachoka kusukuluko sindingawaikire umboni, koma pa nkhani ya nyengoyi akunena zoona. Wophunzira ndi pailoti wa PPL wamba amauluka mwa malamulo a VFR, kutanthauza kuti amayendera maso. Ayenera kuona patali makilomita 5 ndi kukhala kutali ndi mtambo, mamita 1,500 cham'mbali ndi mapazi 1,000 pamwamba kapena pansi pake, kupatula akakhala pansi kwambiri komwe lamulo limafewako pang'ono. Mvula ikhoza kusagwa koma mtambo uli pansi, kapena mphepo ikuwomba chopingasa msewu woterapo kuposa mmene wophunzira amaloledwera, basi ulendo walephereka.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukalowa mumtambo umangopitirira mowongoka mpaka utatulukira mbali inayo. Thupi silitero. Chimene chimatiuza kuti tawongoka kapena tapendekeka chili mkati mwa khutu, ndipo maso akasowa poona dziko, khutulo limayamba kunama. Ndege imapendekeka pang'onopang'ono iwe ukumva kuti zonse zili bwino, ukaona kuti ukutsika umakoka chiwongolero, kukokako kumangothinitsa kuzungulira, mpaka pansi. Ndi zomwe ofufuza anapeza pa ngozi ya John F. Kennedy Jr pa 16 July 1999, anali pa Piper Saratoga yake usiku wa chifunga pamwamba pa nyanja kufupi ndi Martha's Vineyard, ndege inalibe vuto koma iye analibe laisensi youlukira ndi zida zokha, anafa ndi mkazi wake ndi mlamu wake. Kunoko sitifunikanso kuuzidwa za nkhungu, tonse tikukumbukira ngozi ya ndege ya ku Chikangawa pa 10 June 2024.

Akadzabwera kuno adzapeza zakezake. Chiperoni chimatha kutseka Thyolo ndi Mulanje masiku angapo m'miyezi yozizira, ndipo phiri la Mulanje, mamita 3,002 pa Sapitwa, silisuntha kupatsa njira munthu. Mu Seputembala ndi Okutobala kumwamba kumakhala kopanda mtambo koma utsi wa moto wa tchire umaphimba dziko lonse moti malire a thambo ndi nthaka saoneka. Ndiye pali kutentha. Bwalo la ku Lumbadzi lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, masana a Okutobala mpweya umapyapyala, injini imachepa mphamvu, mapiko sagwira bwino, kandege komwe kanadzuka msanga m'mawa kamathamanga mtunda wautali kasananyamuke. Nchifukwa chake anthu a tindegeti amadzuka mbandakucha. Amuna anuwo akamati tinaletsa ulendo muziwayamikira, wophunzira amene amandiopsa ine ndi uja sanaletsepo.

FUNSO: Mwana wanga wangotenga PPL ndipo ndalama zatithera zambiri. Anzanga akuti tibwereke ndege azinyamula alendo kupita ku Likoma ndi ku Mangochi tibwezeko kangachepe. Pali cholakwika? Kholo la ku Mzuzu.

YANKHO: Chilipo bambo, chachikulunso, chonde musayerekeze. PPL ili ngati laisensi yoyendetsera galimoto yanu, mukhoza kutenga abale ndi anzanu koma simungachite nayo matola. Wolipidwa amafunika CPL, laisensi ya pailoti wa pantchito, maola 200 pa muyezo wa ICAO kapena 150 akadutsira kosi yovomerezeka, dokotala wa Class 1, ndipo kampani yonyamula anthuyo ikhale ndi satifiketi yake ya AOC yomwe imabwera ndi malamulo a kakonzedwe ka ndege ndi maola opumira apailoti. Maiko ena amalola kusonkherana ndalama ya mafuta, pailoti naye nkuponyapo gawo lake, koma phindu ayi. Inshuwalansi nayo ikangodziwa kuti wokwera analipira, pakachitika ngozi imasamba m'manja.

Okonda mpira akukumbukira Emiliano Sala. Atagulidwa ndi Cardiff City kuchoka ku Nantes, pa 21 January 2019 anakwera Piper Malibu usiku kuwoloka English Channel. Pailoti wake, David Ibbotson, anali ndi laisensi ya PPL, yosamulola kulipidwa, analibenso chilolezo choulukira usiku. Ndege inagwera m'nyanja kufupi ndi Guernsey, onse awiri anafa, thupi la Sala linapezeka ndi mpweya woipa wa carbon monoxide wochuluka, wotuluka mu ekizosi. Amene anakonza ulendowo, David Henderson, khothi la ku Cardiff linamugamula miyezi 18 mu 2021. Taonani, womangidwayo anali wokonza ulendo, amene pa pulani yanuyi ndinu.

Mwanayo ngati akufuna kudya za ndege apitirize mpaka CPL. Pakalipano azingosamala kuti laisensi isagone, kuti anyamule munthu aliyense, ngakhale inu bambo ake, ayenera kukhala atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo.

FUNSO: Ndine wowotcherera zitsulo, ndapanga kandege ka injini ya njinga yamoto. Pa YouTube akuti ku America tindege totere sitifuna laisensi. Ndiyese? Mnyamata wa ku Ndirande.

YANKHO: Aise, luso ndakupatsa ulemu koma usayese. Za ku America nzoona, lamulo lawo la Part 103 la 1982 limalola kuuluka opanda laisensi, koma kandegeko kakhale ka munthu mmodzi, kosapitirira makilogalamu 115 kopanda kanthu, mafuta osaposa malita 19, masana okha, kutali ndi matauni. Ndi lamulo la ku America limenelo, silinawoloke nyanja, ndipo Ndirande ndi tauni yothithikana yomwe ili pakhomo penipeni pa Chileka. Chinanso, paipi yachitsulo ya mageti ndi yolemera kwambiri, ndege zimapangidwa ndi aluminiyamu kapena chitsulo chapadera chopyapyala, ndipo injini ya njinga sinapangidwe kuti izilira pafupi ndi mphamvu zake zonse ola lathunthu osapuma.

Kupanga ndege pakhomo si misala ayi, anthu amapanga. Ku Johannesburg kuli fakitale ya Sling yomwe imagulitsa ndege m'zidutswa kuti ukamange wekha, ndipo eni ake Mike Blyth ndi James Pitman anazungulira nayo dziko lonse mu 2009. Kumeneko ndege zotere zimalembedwa ZU m'malo mwa ZS, woyendera amabwera kudzaona ntchito usanatseke mapiko, ndipo imayesedwa maola angapo isananyamule munthu wachiwiri. Iweyo yamba ndi kandege ka rimoti, kakagwa ungotola zidutswa nkuona pomwe panalakwika, kenako funsa za maphunziro a umakaniko wa ndege. Kachitsuloko usakataye, ukaike kutsogolo kwa shopu kazikuitanira makasitomala a mageti.