Za agalu ndi amphaka ogwa ndi mvula aja

Mayi wina amene amaphunzitsa Chingerezi ku pulayimale anditumizira imelo. Akuti pa gulu lawo la WhatsApp wina anaponya uthenga wonena kuti mawu oti "raining cats and dogs", omwe amatanthauza kuti kukugwa chimvula champhamvu, anayamba chifukwa kale ku England nyumba zinali zofolera udzu, agalu ndi amphaka ankagona padenga, ndiye kukagwa chimvula ankaterereka nkumagwa pansi. Akufunsa kuti kodi nzoona, akawauze ana mkalasi? Nanga mawu achizungu oterewa amachokera kuti?

Mayi, zimenezo musakawauze ana chonde. Nyumba yaudzu tonse timaidziwa, inuyo galu munamuonapo atakwera padenga kuti akagone? Mphaka mwina, koma galu ayi ndithu. Nkhani imeneyi inafala kwambiri cha mu 1999 pa imelo ina yomwe anthu ankangotumizirana yonena za moyo wa m'zaka za m'ma 1500, ndipo akatswiri a mawu amaikana. Mawuwo paokha ndi akale inde, mlembi wa mabuku Jonathan Swift anawalemba mu 1738, koma zadengazo anachita kumatapo anthu ena pambuyo pake.

Ineyo ndimaona kuti nkhani ikakhala yokoma kwambiri koma yopanda chaka kapena dzina la munthu, muziyamba mwaikayikira. Komatu zilipo zina zomwe umboni wake ulipo ndipo nazonso nzokoma, anawo angazikonde.

Tiyambe ndi deadline, amene mabwana amatiopseza naye kuofesi daily. Poyamba sanali wa nthawi ayi, unali mzere weniweni. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America kunali kampu ya akaidi ku Andersonville, m'chigawo cha Georgia, mu 1864, ndipo mkati mwa mpanda anaikamo malire oti mkaidi akangowadutsa basi, alonda ankamuombera pompo. Pakampu imeneyi panafera anthu pafupifupi 13,000, ambiri ndi njala ndi matenda, ndipo mkulu wake Henry Wirz anamunyonga mu 1865. Tanthauzo loti nthawi yomaliza kupereka ntchito linabwera mochedwa, anthu a nyuzipepala ndi amene analifalitsa cha m'ma 1920.

Koma yomwe imandiseketsa ine ndi ya "steal my thunder", amanena munthu akakulanda ulemu pa chinthu chomwe wachivutikira iweyo. Kunali mkulu wina wolemba masewero ku London dzina lake John Dennis, mu 1709 anakonza njira yatsopano yopangira phokoso la bingu pa siteji ku Drury Lane kuti sewero lake likome, koma sewerolo anthu sanalikonde, eni holo nkulichotsa msanga, ndiye patapita nthawi bamboyu wapita kukaonera sewero lina lotchedwa Macbeth pamalo omwewo, angomva bingu lake lija likugunda. Akuti anakalipa koopsa kuti sewero langa mwalikana koma bingu langa mwaba. Chabwino, sewero lake palibe amalikumbuka, koma kudandaula kwakeko mpaka lero anthu akukutchulabe.

OK nayenso ndi wanthabwala chabe. Anatuluka mu nyuzipepala ya Boston Morning Post pa 23 March 1839, ngati chidule cha "all correct" atalemba molakwitsa dala kuti "oll korrect", zinali za fashoni nthawi imeneyo ngati mmene achinyamata amafupikitsira mawu pa foni masiku ano. Boycott ndi dzina la munthu, Charles Boycott, woyang'anira minda ku County Mayo ku Ireland, amene anthu a m'deralo anagwirizana zomusala mu 1880, osamugwirira ntchito, osamugulitsa kanthu.

Tsono za mkalasimo, ine ndikanayambira pa Baibulo chifukwa anawo nkhani zake amazidziwa kale ku Sande sukulu. "The writing on the wall", kutanthauza chizindikiro choti tsoka layandikira, ndi ya pa Danieli 5, dzanja lija linalemba pakhoma pa phwando la mfumu Belisazara. Scapegoat, munthu womukankhira zolakwa za ena, ndi mbuzi ya pa Levitiko 16 yomwe ankaisenzetsa machimo a anthu nkuithamangitsira kuchipululu, ndipo liwulo analipanga ndi William Tyndale pomasulira Baibulo m'Chingerezi mu 1530. "By the skin of my teeth", kutanthauza kupulumukira mkamwa mwa mbuzi, ndi Yobu 19 vesi 20. Auzeni abwere ndi Buku Lopatulika, wina awerenge vesi m'Chichewa, inu mulembe mawu achingereziwo pa bolodi, aone okha pamene zakumanirana.