Za lisiti yabodza pa nyumba ya akulu anu a ku Joni

Achimwene amene mwafunsa kuti akulu anu ali ku Joni amatumiza ndalama pa Mukuru kuti muziyang'anira nyumba imene akumanga kumudzi, ndiye wa shopu ya simenti akuti akulembereni lisiti yokwera mtengo mugawane yapamwambayo, ine ndikuti musayerekeze. Ndamva kuti simulandira kanthu ndipo ya kabaza mumatulutsa m'thumba mwanu, zowawa ndithu, koma aimbireni akuluwo muwauze poyera kuti ntchitoyi ikundidyera nthawi, mundiganizireko kangachepe pamwezi. Imeneyo mudya ndi mtima pansi.

Mukangolola kamodzi ndiye kuti wa shopuyo wakugwirani pakhosi. Mawa akupatsani malata a geji 32 lisiti n'kulemba 28, inu mukudziwa bwinobwino kuti 32 ndi opyapyala aja ongopindika ukapondapo, koma mukamba chiyani poti munadya limodzi? Bilda nayenso ali ndi maso, akaona kuti oyang'anira akutapa ayamba kuchepetsa simenti m'matope, thumba lina lizituluka madzulo pa njinga, ndipo simudzatha kumudzudzula. Choopsa kwambiri n'chakuti mtima umazolowera, koyamba mugona movutika, kachitatu muziona ngati ndi malipiro anu basi.

Komanso anthu a ku Joni amakhala mothinana, nyumba imodzi angapo, amaonetsana zithunzi pa WhatsApp n'kumafunsana kuti iwe thumba ukugula zingati ku Mangochi, ndiye mtengo wabodzawo suchedwa kuululika. Akuluwo mwina sadzakutengerani ku polisi, paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka, koma adzangosiya kukutumani ndipo mudzi wonse udziwa chifukwa chake, mpaka ku banki m'khonde akazi anu azidzawayang'ana ndi diso lina.

Pomwe anthu a ku Joni omwewo akulira usiku ndi usana kusowa munthu woti amusiyire ndalama osadya. Nyumbayo ikatha bwino anzawo afunsa okha kuti anakuyang'anirira ndani, ndipo pamenepo mudzatchula mtengo wanu musanayambe ntchito.

Gulani kope. Katundu akafika muwerenge pamodzi ndi bilda, mujambule matumbawo ndi lisiti yake mutumize tsiku lomwelo, chenji chikatsala ngakhale K2,000 munene. Wa shopuyo musiyeni, kagulani kwina.